Nadzikambe ndi Denga la Nkhokwe ya Apongozi

Padangokhala, ndipo amene ali ndi makutu asendere pafupi tikhale tonse. Kalekale, nyama zikadalima minda ndi kumanga midzi, Nadzikambe anakalowa chikamwini pamudzi pa mayi Nungu. Anakwatira mwana wawo wamkazi, dzina lake Nankhoma, ndipo Chauta anawapatsa ana awiri. Nadzikambe anali wakuthwa pakamwa ndi wopepuka miyendo, koma manja ake ankadana ndi ntchito yobwerezabwereza. Chilichonse ankachifunira njira yachidule.

Chaka china chimanga chinabereka kwambiri. Analuka nkhokwe yaikulu imene mudziwo unali usanaionepo, naidzaza mpaka pakamwa. Chinatsala ndi denga, ndipo denga ndi ntchito ya mkamwini.

Tsono ntchito iliyonse ili ndi dongosolo lake. Wofuna denga la nkhokwe amadula nsungwi, nazituta, nalukira dengalo pafupi ndi nkhokweyo, kuti pokweza pasakhale mtunda. Nadzikambe anadula nsungwi zake kutali ndi mudzi, naziyang'ana zili mulu.

"Ndituteranji kambirimbiri chinthu chimene chingathe kupita ulendo umodzi?" anatero.

Analukira dengalo komweko. Analimanga ndi luzi, nalifolera udzu wochindikala mpaka pansi pa mkombero. Linali denga lokongola, zoona tinene. Koma atalowa pansi pake kuti alinyamule, dengalo silinamve n'komwe kuti pali wina akulikankha.

Mbiri inafika kwa mayi Nungu. Mwambo wa pamudzipo unali wakuti apongozi ndi mkamwini sayang'anana kumaso, salankhulana pamaso, ndipo sakumana panjira. Motero mayi Nungu atamva kuti mkamwini wawo ali kuseri kwa mpanda, anatembenukira mtondo umene ankasinjiramo.

"Mtondo iwe, wamva? Akuti denga lathu lapeza banja ku nsungwi. Lalowa chikamwini komweko."

Nadzikambe anakhosomola, nalankhula ndi chitsa chimene chinali pambali pake. "Chitsa iwe, uwauze akuluakulu asade nkhawa. Denga likubwera ndi miyendo yake."

"Mtondo, uwafunse ngati miyendoyo ailuka kale. Ndipo uwauze izi, amve bwino. Mvula ikaolesa chimanga changa, wina atenga kamphasa kake ndi kakhasu kake, azipita kwawo. Ana ndi a pano."

Nankhoma anamutsatira mwamuna wake kuseri kwa nyumba. "Abambo, amayi sakuseka. Mitambo yayamba kusonkhana masana alionse."

"Nanga ine ndikuseka? Fulula mowa, mayi. Tiitana dima."

Dima ndiyo ntchito yothandizana, imene malipiro ake ndi mowa ndi mawu oyamika. Nyama zinabwera zambiri, zoti zinazungulira mkombero wonse phewa ndi phewa, zazifupi zitatenga mphanda zochirikizira. Mtsogoleri wawo anali Njati, nduna ya mfumu yoyang'anira ntchito za mudzi, wamphamvu ndi wosafulumira. Panalinso Gwape ndi Pusi, anyamata aphuma, amene thupi lawo linkayankha mutu usanafunse. Gwape anaima mbali ina ya mkombero, Pusi mbali inayo.

Atalowa pansi pa denga anapeza kuti muli mdima, popeza udzu unatseka maso onse.

"Wina ayenera kukwera pamwamba kuti azioona njira ndi kutsogolera nyimbo," anatero Nadzikambe. "Ntchito yoopsa imeneyi ndiisenza ndekha."

"Ndaona kuti wasankha phewa lopepuka," anatero Njati. "Kwera. Tsono inu nonse, lamulo ndi lakale lomwe lija. Nyimbo ikagunda, aliyense amve phewa lake. Mkombero ukakupsinja, kankha m'mwamba. Ukakuthawa, tsika. Chimene wasankhacho uchigwiritsitse mpaka phazi langa litatera."

Nadzikambe anayambitsa nyimbo. Inali nyimbo yotamanda denga ngati mkwatibwi wopita kwa mwamuna wake. Iye ankaponya mawu kuchokera pamwamba, onyamula n'kuvomera pansi ndi liwu limodzi lalikulu, ndipo povomerapo ndi pamene phazi linkatera. Popeza Njati ndiye ankatsogola, nyimbo inatalika molingana ndi mwendo wake.

Poyamba zinayenda. Kenaka Njiri anakhumudwa pamuzu pang'ono chabe, ndipo mkombero unatsikira Gwape ngati kukula kwa chala. Nyimbo inagunda. Gwape anakankha m'mwamba. Miyendo yake inali ngati uta, ndipo kuphethira kumodzi kunakwanira kuwongola dengalo. Koma phazi la Njati linali likadali m'malere, ndipo lamulo linati gwiritsitsa. Gwape anakankhabe. Pofika potera, mbali yake inali itakwera kupitirira muyeso, ndipo katundu yense anatsamira pa Pusi.

Nyimbo inagundanso. Pusi anamva kupsinjika, nakankha ndi mphamvu zake zonse. Gwape anamva mkombero ukumuthawa, natsika. Chala chinasanduka chikhato, chikhato chinasanduka mkono. Denga linagwedezeka uku, linagwedezeka uko, kenaka linagudubuka, phi! Nadzikambe anauluka ngati mwala wa pa gulaye, nakatera m'chitedze.

"Ine ndimakonza!" anakuwa Gwape.

"Inenso ndimakonza zimene iwe unaononga!" anatero Pusi.

"Okonza awiri agwetsa denga," anatero Njati. "Kodi mwini dima ali kuti?"

"Ndili pano, akulu," anayankha Nadzikambe akudzikanda thupi lonse. "Ndimayang'ana njira ya mawa."

Ali m'chitedzemo anali atalingalira kale. Analiona vuto: aliyense ankakonza cholakwa cha pamene anaima, koma pofika pamene phazi latera, cholakwacho chinali chitasamuka kale. Mwendo wa Njati unali wautali kwambiri kwa anyamata aphuma.

M'mawa mwake, atamanganso luzi limene linaduka, Nadzikambe anati, "Lero tiyenda ndi muyeso wa aGwape. Nyimbo izigunda pafupipafupi, kuti iwo asakhale ndi nthawi yopitirira. Phazi lizingosendera ngati kukula kwa njere ya chimanga."

Anaidula nyimbo ija tizidutswatizidutswa. Mkwatibwi anali yemweyo, mawu anali omwewo, koma tsopano inkamveka ngati mano a munthu wogwidwa ndi malungo. Ndipo taonani, denga linakhala phee. Madzi akanaikidwa pamwamba pake sakanatayika.

"Mwaona?" anatero Nadzikambe. "Nzeru n'kubadwa nazo."

Dzuwa linakwera, linafika pamutu, linapendeka. Nkhono anatulukira kumbuyo kwawo, nawapatsa moni.

"Ntchito, ntchito, akuluakulu! Kodi mukupita kapena mukubwera?"

"Tikupita kumudzi," anatero Njati mokukuta mano.

"Chabwino. Ndikawauza kuti muli m'njira. Pepani, ndikudutseniko, ndafulumira."

Onyamula ena anaseka, koma Njati sanaseke. "Nadzikambe! Denga ili silikugwedezeka n'komwe. Tikukwawiranji chifukwa cha matenda amene kulibe? Talikitsa nyimbo."

Nadzikambe anaitalikitsa pang'ono. Nthawi yomweyo kugwedezeka kuja kunadzuka ngati njoka yopondedwa kumchira, ndipo anafulumira kuifupikitsanso. Anayesa kawiri, zinali zomwezo. Matendawo sanali kuoneka, koma anali atabisala, akudikira mwendo wautali. Pamene anatula denga madzulo, munthu akanatha kulavula malovu n'kufika pamene anayambira.

"Ukayenda ndi Njati denga ligwa, ukayenda ndi Gwape mvula ikupeza," anadandaula Njiri. "Amati mutu umodzi susenza denga. Sanatiuze kuti mitu yambiri imatha kulisenza osapita nalo kulikonse."

Kumudzi, Nankhoma anangoloza kumwamba. Kum'mawa kunali kukung'anima.

Tsiku lotsatira Nadzikambe analawirira kwa Gwape ndi Pusi, ndi nkhope ya munthu wodandaula.

"Alamu anga, luzi latichepera. Kutsidya kwa mtsinje kuli mtengo wa luzi loyera, lolimba ngati chikopa. Ndani angafike kumeneko n'kubwerako msanga koposa inu awiri?"

"Palibe," anatero Gwape, ndipo mawu asanathe anali atapita, Pusi pambuyo pake. Mtengo wa luzi loyerawo kunalibe.

"Tsopano tatsala anthu odekha," anatero Nadzikambe kwa otsalawo. "AkuluNjati, tambasulani mwendo."

Nyimbo inabwerera kutalika kwake, ndipo denga linayenda bwino lomwe. Mkwatibwi anaimbidwa mokoma tsiku limenelo. Anadutsa Nkhono, Njati namupatsa moni mokweza kuposa mmene kunafunikira. Koma anafika pamene njira inakhota ndi kutsetsereka. Denga linapendeka mwadzidzidzi, ndipo panafunika phewa lolilandira m'kuphethira kwa diso. Odekha aja anamva kupendekako, anakuganizira, anagwirizana nako kuti kulipo, ndipo pamene ankati akankhe, denga linali litatsetsereka kale n'kugunda pansi. Mkombero unathyoka mbali imodzi.

Pomwepo Gwape ndi Pusi anatulukira, manja ali lende, thukuta lili kamukamu. Anayang'ana denga, anayang'ana mtunda umene linayenda popanda iwo, ndipo anamvetsa.

"Luzi loyera, eti?" anatero Pusi. "Mowa wako umwe wekha, mlamu."

Njati naye anapukusa mutu. "Mawa ndibwera komaliza, chifukwa cha ana ako, osati chifukwa cha iwe. Likagwanso, ukaliuze lidziyendere ndi miyendo ija unalonjeza."

Nadzikambe analumikiza mkombero yekha, nayamba ulendo wa kumudzi dzuwa likadalipo. Mtima unali pa ana ake. Anaona m'maganizo kamphasa kake katakulungidwa, ndi njira yaitali ya kwawo, kumene kunalibe womuyembekeza.

Ali pafupi ndi mudzi anaona mayi Nungu akuchokera kuchitsime, mtsuko uli pamutu, Nankhoma ali pambuyo pawo. Njira yawo inkakumana ndi yake patsogolo. Nadzikambe anali atanyamula kale phazi. Analiimika m'malere, nayeza ndi maso: ndikapitirira chonchi, tikumana pamphambano. Analibweza. Anayesa kuliponya pafupi: ayi, tikumanabe. Analibwezanso, nalilozetsa chammbali, naona kuti potero apongozi adutsa iye asanafike. Pamenepo ndi pamene analiteretsa.

Mayi Nungu anadutsa osacheuka, monga kuyenera. Nankhoma anatsalira, akuseka.

"Abambo, mwendo unalenjekeka bwanji ngati nyama ya pamsampha? Amayi anali kutali."

"Anali kutali ndi pamene ndinaima. Koma mkamwini safunsa za pamene waima. Amafunsa za pamene akafike, ngati..." Anasiya mawu pakamwa.

"Ngati chiyani?"

"Mayi, mowa uja usauthire madzi. Umwedwa mawa."

Anatembenuka, nathamangira kwa Gwape. Panjira anaikonza nkhani yake. Anadziwa kuti akanena kuti wapeza nzeru ina, palibe amene angamvere munthu wogwetsa denga kawiri ndi kulikwawitsa kamodzi. Nzeru yake inafunika kuivala chovala cha wina.

Anapeza Gwape ndi Pusi atakhala pamodzi, akumudya miseche.

"Alamu, ndabwera ndi manyazi. Koma mwaona nokha: denga lija popanda inu lagwa. Aja ndi mphamvu chabe. Maso a denga ndinu."

"Zimenezo tikuzidziwa," anatero Gwape, koma makutu ake anaima.

"Chimene simukuchidziwa ndi ichi. Ndafufuza kwa akuluakulu. Pamene ndinadula nsungwi paja ndi pamene anagona agogo awo a mayi Nungu. Nsungwizo zinamera pa iwo. Dengalo si denga wamba. Ndi apongozi."

Pusi anagwira pakamwa. "Ndiye ife takhala tikuwagwedeza apongozi?"

"Ndi kuwagwetsa pansi. Aleza mtima kwambiri. Koma anena mmene afunira kunyamulidwa, ndipo anena kuti woyamba kufunsa pa phazi lililonse akhale Gwape, wachiwiri Pusi."

M'mawa nkhaniyo inali itafika kale kwa onse. Panalibe nyama yamphongo imene sinalaweko chikamwini, ndipo onse anafika pa denga atazolika mitu. Ngakhale Njati anawomba m'manja asanalowe pansi pake.

"Ine apongozi anga ndinawathawa tsiku lina mpaka kugwera m'mbuna," anatero. "Sindifuna milandu ina. Nena mwambowo."

"Ndi uwu," anatero Nadzikambe ali pamwamba. "Apongozi saponderedwa mwadzidzidzi. Nyamula phazi, ulitambasule kufikira pamene ufuna kutera, koma usatere. Tsamira ngati watera kale, umve mmene phewa lako lidzakhalire kumeneko. Usakonze za pano, pano tikuchokapo. Konza za uko. Ukatero funsa anzako ngati kukonza kwako sikukuwapweteka. Onse akavomera, ndiye titere limodzi."

Anayesa. Mapazi ananyamuka, natambasuka, nalenjekeka. Gwape anatsamira, namva kuti mkombero udzamupsinja. Anayamba kukankha ndi mphamvu monga mwa chizolowezi, koma popeza phazi linali lisanatere, anamva nthawi yomweyo kuti kukankha kotero kukafika uko kutapitirira. Anachepetsa. Anapeza kuti pamafunika kamphamvu kochepa kwambiri, koti dzulo akanachita nako manyazi.

Tsono kufunsana kunayamba. Gwape anafunsa Pusi, anafunsa Njiri, anafunsa aliyense mmodzimmodzi kuzungulira mkombero wonse. Atatha iye, Pusi anayamba chimodzimodzi.

"Kodi mawu afika pati?" anabuula Njati. "Ndaima ndi miyendo itatu ngati mpando wothyoka. Apongozi amenewa afuna ndife?"

Nadzikambe anaona kuti wapitiriza muyeso. Anatseka diso limodzi, natembenuza linalo kuyang'ana kunsonga kwa denga, ngati womvetsera.

"Akuti simunawamvetse. Mkombero umakulumikiza ndi awiri okha, wa kudzanja lamanja ndi wa kumanzere. Funsa amenewo basi. Iwo afunsa anzawo, ndipo mawu azungulira okha."

"Nanga tikafunsana osamvana?" anafunsa Pusi.

"Funsananinso. Zikakanikabe, ndiye kuti mwendo watalika. Bwezani phazi, muliponye theka lake. Palibe manyazi kubweza phazi limene silinatere."

Pamenepo nyimbo ya mkwatibwi inabadwanso mwatsopano. Inali ndi kukwera kwake, pamene Nadzikambe ankaponya mawu ndipo mapazi ankanyamuka. Inali ndi pakati pake polenjekeka, pamene liwu linkakokedwa motsitsa ngati njuchi m'mphako, aliyense akung'ung'udzira mnzake wa kumanja ndi wa kumanzere, kufunsa ngati njira ya apongozi yayera. Ndipo inali ndi kugwa kwake, pamene onse ankavomera kuti yayera, mapazi n'kutera ngati phazi limodzi. Phazi lililonse linkatenga nthawi kuposa la tsiku loyamba, ndipo linali ndi ntchito yambiri. Koma linali lalitali, la muyeso wa Njati, ndipo denga silinagwedezeke.

Pamene njira inawongoka, kufunsana kunafupika mpaka kungokhala kamkokomo ka pakhosi, popeza yankho la phazi lapita linkakwaniranso phazi lotsatira. Njati anatambasula mwendo mpaka anadzidabwa yekha. Pamene njira inakhota kapena muzu unatuluka, kung'ung'udza kunkatalika, wina n'kukana, mapazi n'kubwerera, n'kuponyedwa pafupi. Kawiri denga linapendeka mwadzidzidzi, ndipo kawiri konse Gwape analilandira lisanadziwe kuti likugwa.

"Mwaona, akulu?" anatero Gwape.

"Ndaona, mwana wanga," anayankha Njati. "Yang'ana phewa lako."

Mudzi utayamba kuoneka, kunagunda bingu. Mphepo yozizira inadutsa, ndipo madontho akuluakulu anayamba kugwa pa udzu. Nadzikambe, amene yekha anali kunja, anaona nkhokwe ili yasa, ndipo Nankhoma ndi mayi ake akukwera ndi mphasa kuti aphimbe chimanga. Mphasazo zinali zochepa. Nzeru zonse zinamuthawa.

"Thamangani!" anakuwa. "Siyani zofunsana! Thamangani, abale anga!"

Mkombero unanjenjemera, popeza ena anayamba kumvera. Koma liwu linatuluka pansi pa denga, ndipo linali la Gwape.

"Ayi! Ndani athamange ndi apongozi pamutu? Iwe Nadzikambe, imba nyimbo bwino, kapena tsika tiimbe tokha!"

Nadzikambe anamvera. Mvula ikumukwapula pamsana, anaponyanso mawu a nyimbo, mofatsa, monga mwa dongosolo lake: kukwera, kulenjekeka, kugwa. Panalibe ntchito imene inamuvuta chibadwire ngati kuimba pang'onopang'ono tsiku limenelo. Koma mapazi anali aatali, ndipo nkhokwe inkayandikira.

Anafika. Mayi Nungu anatsika nalowa m'nyumba kuti apatse amuna malo. Amunawo anachirikiza denga ndi mphanda zazitali, nalikweza mwa mwambo womwewo, kufunsana asanakankhe, mpaka linakhala pa nkhokwe ngati chipewa pamutu wa mwini wake. Chimanga cha pamwamba chinali chitanyowa, chokwana madengu owerengeka. Nankhoma anachigwira, nachinunkhiza.

"Ichi chiuma dzuwa likatuluka," anatero. "Cha pansi sichinamve kanthu."

Mvula inagwa tsiku lonselo, ndipo a dima anamwa mowa wawo pakhonde, mokondwa ndi mwaulemu. Chipanda chitazungulira kangapo, Njati anaimirira, nayang'ana kukhomo kumene mayi Nungu anakhala.

"Mayi, tikupepesa. Sitinadziwe kuti nsungwi zija zinamera pa agogo anu. Tinawagwetsa kawiri mosadziwa. Koma mwambo umene anatiphunzitsa ndi wabwino, ndipo ndidzausunga pa denga lililonse limene ndidzanyamule."

Nadzikambe, amene anakhala kuseri kwa nkhokwe monga mkamwini, anamva thupi lake likusintha mtundu. Mayi Nungu ankadziwa zoona zake. Agogo awo anagona kutali, kudziko lina, ndipo nsungwi zija zinali za tchire chabe.

"Zikomo, aNjati," anatero mayi Nungu. "Akufa amakhululuka."

Alendo atabalalika, mayi Nungu anatuluka, nazungulira nkhokwe, nagwedeza mkombero kuona ngati wakhazikika. Anaima chofulatira pamene panali mkamwini wawo.

"Nkhokwe iwe, wavala bwino. Uwauze amene anakuveka kuti kamphasa kawo akasiye pamene kali. Ana akufuna bambo wawo."

Nadzikambe anawomba m'manja mwakachetechete. "Nsanamira iwe, uwauze akuluakulu kuti ndathokoza."

"Sindinathe, nkhokwe. Uwauzenso kuti bodza ndi bodza, ngakhale litasenza denga. Ine ndalisunga lero chifukwa lagwira ntchito. Koma popeza iwo ndiwo anatulukira mwambo umenewu, akhale iwowo ousunga. Pamudzi pano aziyenda motero, popita kumunda, popita kumowa, ngakhale pothawa agalu. Tsiku limene ndidzawaone akuponya phazi asanafunse kumene likatere, ndidzaitana aNjati, ndiwauze kuti anaima ndi miyendo itatu ndi kuwombera m'manja nsungwi za kutchire."

Nadzikambe anaganizira za nyanga za Njati. Anaganiziranso za ana ake, amene ankasewera m'matope pabwalo. Sanatsutse.

Nankhoma anamuitana kuti adzadye. Khomo linali pafupi, ndipo njala inali itamugwira. Ananyamula phazi, analitambasula, analiimika m'malere. Anatembenuza diso limodzi kuyang'ana kutsogolo, lina kuyang'ana apongozi. Anatsamira, anabwerera, anatsamiranso, kenaka anatera.

"Abambo, chakudya chizizira!"

"Chizizire, mayi. Ndikubwera, ndipo ndifika."

Ana anaona mayendedwe a bambo awo, anaseka, nayamba kuwatsanzira pambuyo, ndipo adzukulu awo akuwatsanzirabe. Nthano yatera pamenepa, ndipo yatera itafunsa.